Lipoti: Timphasa ta Labala Wamwaye Tomwe Tinasiya Kumva Kuti Wodwala Wadzuka

Kampani ina yaing'ono imapanga timphasa toyala pansi pa matiresi a odwala ndi okalamba. Munthu akadzuka usiku, kamphasako kamaliza belu kwa namwino kuti afike wodwalayo asanagwe. M'kati mwake muli labala wa silikoni wopyapyala, wochindikala milimita imodzi, wosakaniza ndi mwaye wa m'fakitale wotchedwa carbon black. Labalayo amangogona pamwamba pa pepala la pulasitiki lomwe anadindapo timizere ta siliva, tolowanalowana koma tosakhudzana. Munthu akagona, resistance (kukana kwa chinthu kuti magetsi adutse) ya pakati pa timizereto imatsika. Akadzuka imakwera, ndipo ikadutsa mlingo womwe anaika, belu limalira.

Timphasa ta gulu loyamba tinagwira ntchito bwino. Mavuto anayamba ndi gulu lachiwiri la labala, lomwe linachokera kwa wopanga yemweyo, pa mlingo womwewo wa zosakaniza. Madandaulo anali a mitundu itatu. Lalikulu linali loti munthu akagona usiku wonse n'kudzuka m'mamawa, belu limachedwa kwambiri kulira, pena osalira n'komwe. Lachiwiri, timphasa tina timaonetsa kuti pabedi pali munthu pomwe pangokhala matiresi. Lachitatu linali losokoneza: m'zipinda zotentha belu limalira munthu ali gone.

Ine ntchito yanga ndi yoyeza zipangizo za labala ndi pulasitiki. Ananditumizira zidutswa za magulu onse awiri, timphasa tathunthu tingapo, ndandanda ya zosakaniza, ndi chithunzi cha mmene analumikizira magetsi. Mkulu wa ntchito pakampanipo anali atagamula kale mlandu. "Bambo, labala wachiwiriyu ndi wabodza," anatero pafoni. "Ingotiuzani tiwonjezere mwaye wochuluka bwanji, basi." Ndinawapempha kuti asasinthe chilichonse kufikira titadziwa kuti kusintha kwa resistance komwe kamphasako kamadalira kukuchitikira pati kwenikweni.

Mmene magetsi amadutsira mu labala wotereyu

Silikoni wopanda mwaye salola magetsi kudutsa. Resistivity yake, womwe ndi muyeso wa mmene labala weniweniyo amakanira magetsi, imafika pa ma ohm-sentimita 10¹⁴ kapena kuposa. Carbon black ndiye amapereka njira. Timibulu take ta mitundu yodutsitsa magetsi timakhala ta mananomita makumi ochepa chabe, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Timibuluti sitikhala patokhatokha. Timatuluka m'ng'anjo titawotcherana kale m'timagulu tanthambinthambi, ndipo kuchuluka kwa nthambizo ndiko opanga amayeza poona mafuta omwe mwayewo umamwa, motsatira ndondomeko yoyezera yotchedwa ASTM D2414. Mwaye wanthambi zambiri, monga acetylene black, Vulcan XC-72 kapena Ketjenblack, umapanga njira ya magetsi ngakhale uli wochepa. Wa timibulu tikulutikulu topanda nthambi, monga N990, umafunika wochuluka zedi.

Ganizirani miyala yowolokera mtsinje. Ikakhala yotalikirana simungawoloke, kaya ndi yaikulu bwanji. Mukamawonjezera umodziumodzi, palibe chosintha kwa nthawi yaitali, kenako mwala umodzi umamaliza njira ndipo anthu amayamba kuwoloka. Siifunika kukhudzana, ingoyandikana moti phazi n'kulumpha. Mu labala malo osinthirawa amatchedwa percolation threshold, ndipo pamenepo resistivity imagwa kambirimbiri ngakhale mwaye wowonjezerawo uli wochepa. Asayansi Scher ndi Zallen anaonetsa mu 1970 kuti pa timibulu tozungulira tomwazikana mwachisawawa malirewa amakhala pafupi ndi 16 peresenti ya malo onse. Mwaye wanthambi zambiri umawatsitsa kufika pa maperesenti ochepa.

Kulumphako ndi kwenikweni. Pakati pa timagulu tiwiri toyandikana pamatsala kakhungu ka labala, ndipo ma electron, tinthu tonyamula magetsi, amadutsa kakhunguko ngati n'kopyapyala mokwanira, kwa mananomita ochepa. John G. Simmons analemba masamu ake mu 1963. Chofunika kwa ife pa masamuwo n'chakuti magetsi odutsa satsika pang'onopang'ono mpatawo ukamakula, amagwa msanga kwambiri: kusintha kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a nanomita kungathe kuwachulukitsa kapena kuwachepetsa kangapo. Choncho chilichonse chosuntha timibulu, kaya kupsinja, kukoka, kutentha kapena kungopita kwa nthawi, chimaoneka pa mita yoyezera magetsi.

Nkhani yomwe ambiri amaidziwa imathera pompa: ukapsinja labala timibulu timayandikana, resistance imatsika. Kampaniyo inkakhulupirira kuti umu ndi mmene timphasa tawo timagwirira ntchito. Ndisanakhudze mita ndinayamba ndawerengera kaye.

Masamu a papepala

Munthu wa makilogalamu 70 amapsinja bedi ndi mphamvu ya ma newton pafupifupi 690. Mphamvuyo ikamwazikana pa theka la sikweya mita, imakhala ma kilopascal (muyeso wa kupsinja) osafika 1.5, ndipo matiresi amaimwaza mopitirira isanafike pa kamphasa. Tiyeni tingoti ma kilopascal 2, mowolowa manja. Labala wawo anali wolimba pafupifupi 50 pa mlingo wa Shore A, ndipo labala wotero modulus yake, kutanthauza kulimba kwake pofinyidwa, imakhala ma megapascal awiri kapena atatu (megapascal imodzi ndi ma kilopascal 1,000). Gawani 2 kilopascal ndi 2 megapascal: labalayo amafinyika gawo limodzi mwa 1,000. Pa milimita imodzi, imeneyo ndi micrometre imodzi. Ndipotu apa ndakokomeza, chifukwa labala wopyapyala komanso wotambalala alibe kothawira m'mbali, choncho amauma kuposa pamenepo.

Koma kamphasa ka gulu loyamba kankasintha resistance kuchokera pa ma megaohm (ma ohm mamiliyoni) kufika pa ma kilo-ohm (ma ohm masauzande) munthu akagona. Micrometre imodzi singachite zimenezo m'kati mwa labala wolimba chonchi. Kusinthako kunayenera kuti kukuchokera kwina.

Panalinso china chomwe ndinaona pomwe ankandionetsa mmene amayezera pafakitale. Wogwira ntchito amalumikiza mita, n'kudina kamphasa ndi chala chachikulu, manambala akatsika amati kali bwino. Kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita imodzi ndi ma kilopascal 98, ndipo chala chimadina kuposa kilogalamu popanda n'kuvutika komwe. Ankayeza pa mphamvu yoposa ya wodwala maulendo makumi angapo. Pa mphamvu imeneyo magulu onse awiri ankakhoza mayeso.

Kulekanitsa m'kati ndi pamwamba

Mita ya mawaya awiri imaphatikiza zinthu ziwiri: resistance ya m'kati mwa labala, ndi ya pamalo pomwe labala akukhudzana ndi siliva. Kuti ndizilekanitse ndinachita zinthu ziwiri.

Choyamba ndinadula timizere ta labala n'kuyeza ndi mawaya anayi, monga ndondomeko za ASTM D991 ndi ISO 1853 zimanenera: awiri akunja amalowetsa magetsi, awiri am'kati amangoyeza voltage (mphamvu yokankha magetsi), motero resistance ya polumikizira siilowa m'chiwerengero. Apa mkulu wa ntchito uja anali ndi mbali yake yoona. Gulu lachiwiri linali ndi resistivity yokwera kangapo kuposa loyamba, ndipo zidutswa zodulidwa m'mbali mwa chipepala chimodzi sizinkafanana ndi zapakati.

Chachiwiri ndicho chinamasula nkhani yonse. Ndinatenga zidutswa ziwiri za labala mmodzi. China ndinangochigoneka pa timizere ta siliva monga mmene zilili m'kamphasa. Chinacho ndinachipaka penti ya siliva mbali zonse ziwiri n'kumatiramo mawaya, kuti polumikizira pasasinthe ngakhale chipsinjidwe. Ndinaika zolemera zofanana pa zonse, kuyambira pa theka la kilopascal kukwera, ndi kachidutswa ka siponji pakati kuti kulemerako kufike mofanana paliponse. Chongogonekacho chinagwa resistance maulendo mazana. Chopakidwa penticho singano inangogwedezeka pang'ono, maperesenti ochepa basi.

Ndiye kuti kamphasako sikankamva kulemera ndi m'kati mwa labala. Kankamva ndi khungu lake. Pamwamba pa labala si posalala monga maso amaonera. Pali timapiri ndi tizigwa. Popanda cholemera, nsonga zochepa zokha ndizo zimakhudza siliva. Cholemera chikabwera nsongazo zimaphwanyika, zina zatsopano zimafika, malo okhudzana amakula, ndipo njira za magetsi zimachuluka. Mphamvu yonse imathera pa nsonga zochepazo, choncho ngakhale ma kilopascal awiri amazifinya kwambiri. Ragnar Holm analemba zambiri za resistance yobwera chifukwa magetsi akupanikizana pa timalo tating'ono totere, ndipo masensa ambiri ogulitsidwa omva kupsinja, a mtundu wa FSR, omwe Franklin Eventoff anayambitsa m'zaka za m'ma 1970, amadalira zomwezi mwadala. Kusiyana kwake n'kwakuti kampaniyi inkadalira khungu la labala mosadziwa, ndiye palibe amene analemba papepala kuti khungulo lizikhala lotani.

Nditaika magulu awiriwa pansi pa maikulosikopu, nyali ikuwala chopendekera, kusiyana kunali poyera. Loyamba linali lokhakhala, lotuwa, la timaenje tosawerengeka. Lachiwiri linali losalala, lonyezimira, moti chithunzi cha nyali chinkaoneka bwinobwino. Wopanga labala atafunsidwa anavomera kuti anasintha chikombole: chakale chinali chokhakhala, chatsopano n'chopukutidwa bwino. Kwa iye kumeneko kunali kukonza zinthu, ndipo pa katundu wina aliyense akanakhala kuti wachita bwino. Ndinatenga chidutswa cha gulu lachiwiri, n'kuchikwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala, n'kuchipukuta, n'kuchiyezanso. Chinayambanso kumva zolemera zing'onozing'ono, pafupifupi ngati loyamba.

Labala wosalala ndi wofewa akagona pa pulasitiki yosalala, kulemera kwa matiresi okha kumakwanira kuti akhudzane pafupifupi paliponse. Munthu akabwera palibenso malo oti awonjezereke. Dandaulo lachiwiri lija linayankhidwa pamenepa.

Belu lochedwa

Ili ndilo linali loopsa, chifukwa munthu amagwa belu lisanalire, ndiye ndinakhalapo nthawi yaitali.

Ndinasiya cholemera pa kamphasa usiku wonse, kompyuta ikulemba resistance. Cholemeracho sichinasinthe, koma resistance inapitiriza kutsika: mofulumira m'mphindi zoyamba, kenako pang'onopang'ono, osaima. Zomwe inatsika pakati pa mphindi imodzi ndi khumi zinali zofanana ndithu ndi zomwe inatsika pakati pa mphindi khumi ndi zana. Umu ndi mmene labala amachitira. Maunyolo ake aatali amatenga nthawi kuti asunthe, ndiye nsonga zija zimapitiriza kuphwanyika ndi kulowerera m'tizigwa ta siliva kwa maola ambiri. Magulu onse awiri anachita zimenezi.

Kusiyana kunabwera pochotsa cholemera. Gulu loyamba linalumpha nthawi yomweyo kubwerera pafupi ndi pomwe linali, kenako n'kumalizitsa pang'onopang'ono. Lachiwiri linakhala pansi pomwepo kwa kanthawi, kenako n'kuyamba kukwera modukizadukiza. Nditang'amba kamphasa kamodzi n'kusenda labala pa pulasitiki, ndinamva kuti wamatirira, akukana kuchoka, ndipo pa siliva panatsala kachizindikiro konyowa ngati ka mafuta.

Mafutawo ndi tizidutswa tating'ono ta silikoni tomwe sitinalumikizane ndi tinzake powotcha labala kuti alimbe, pamodzi ndi zotsalira za mankhwala owotchera. Mwa nthawi zonse amazichotsa powotchanso labala mu uvuni wolowa mpweya akatuluka m'chikombole, ndipo ambiri amachita maola 4 pa madigiri 200. Gulu lachiwiri silinalowe mu uvuni; wopanga anali pa changu, ndipo pa oda panalibe mawu oti atero. Ndinayeza kulemera kwa chidutswa, n'kuchiwotcha, n'kuchiyezanso: chinapepuka moonekeratu, pomwe cha gulu loyamba sichinasinthe kwenikweni. Khungu losalala ndi mafuta apamwamba zikakumana, labala amagwira pulasitiki, ndipo mphamvu yake yobwerera ndi yochepa kwambiri moti singamumatule msanga. Wodwala amakhala ali kale pakhomo la bafa kamphasa kakunenabe kuti ali pabedi.

Ndinene pano kuti kuwonjezera mwaye, komwe kampaniyo inkafuna, sikukanachotsa vutoli. Kukanatsitsa resistance yonse, kamphasa n'kumaoneka ngati kali bwino poyeza ndi chala, koma kumatirira kukanakhalapobe.

Kutentha, ndi vuto la mlingo wa mwaye

Dandaulo lachitatu ndilo lokhalo lomwe linachokeradi m'kati mwa labala. Silikoni amafutukuka kwambiri akatenthedwa, pafupifupi magawo 300 mwa miliyoni pa digiri iliyonse, pomwe mwaye sufutukuka kwenikweni. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, labala amatalika ndi 0.3 peresenti mbali zonse. Yerekezani ndi 0.1 peresenti yomwe wodwala amamufinya. Kwa timipata ta pakati pa timibulu, kutentha kwa chipinda ndi kwa thupi n'kwakukulu kuposa kulemera kwa munthu. Timibulu timatalikirana, njira zina zimaduka, resistance imakwera. Makina ena otetezera magetsi, monga ma fuse odzibwezeretsa okha, amagwiritsa ntchito khalidwe lomweli mwadala, koma kwa ife linali mdani.

Pa gulu loyamba kukwerako kunali kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa pakati pa bedi lopanda munthu ndi la munthu, ndiye palibe anakuona. Pa gulu lachiwiri kusiyanako kunali kutachepa kale chifukwa cha khungu losalala, resistance ya m'kati inali yokwera, ndipo mu uvuni wanga woyezera inkakwera mofulumira kuposa ya loyamba. Zonsezi zitaphatikizana, usiku wotentha unkakankha chiwerengero kudutsa mlingo wa belu.

N'chifukwa chiyani magulu awiri a mlingo umodzi anasiyana m'kati? Mlingo wawo unali pamwamba pang'ono chabe pa percolation threshold. Winawake anausankha dala, poganiza kuti pamenepo ndi pomwe labala amamva kupsinja kwambiri. N'zoona, koma ndi pomwenso amamva china chilichonse. Pamwamba pa malirewo, kudutsa kwa magetsi kumakwera pafupifupi monga sikweya ya mtunda wochokera pa malire, kutanthauza mtundawo kuchulukitsa ndi mtunda womwewo. Tiyerekeze kuti malire ali pa 10 peresenti. Kuchoka pa 11 kufika pa 12 kumachulukitsa magetsi kanayi. Kuchoka pa 20 kufika pa 21 kumangowonjezera gawo limodzi mwa asanu. Peresenti imodzi yomweyo, zotsatira zosiyana kutali.

Ndiponso malirewo sakhala malo amodzi. Labala akakhalitsa pa makina osakanizira, timagulu ta mwaye timamwazikana bwino kwambiri, kalikonse n'kukutidwa ndi labala wake, nthambi zina n'kuthyoka, ndipo resistivity imakwera. Wosakaniza wakhama amene amawonjezera mphindi zingapo kuti ntchito ioneke bwino angathe kuwononga katundu wa mtundu umenewu. Kayendedwe ka labala m'chikombole nakonso kamasiyanitsa pakati ndi m'mbali. Kukhala pafupi ndi malire ndiye kulola kuti zonsezi zizilamulira katundu wako.

Zina ziwiri ndinaziona ndili pa zidutswa zopakidwa penti zija, ndipo ndizitchule mwachidule. Nditapsinja kwambiri, kufika ma kilopascal mazana angapo, resistance inasiya kutsika n'kuyamba kukwera. Labala sachepa kukula kwake akafinyidwa, amangothawira m'mbali, ndipo kuthawako kumang'amba njira zina pomwe zina zikupangika. Choncho si nthawi zonse pomwe kupsinja kumatsitsa resistance. Zimadalira kuchuluka kwa mwaye, mtundu wake, ndi mbali yomwe mukuyezera. Chinanso, ulendo woyamba kupsinja chidutswa chatsopano sufanana ndi wachiwiri kapena wachisanu. Leonard Mullins anafotokoza kufewa kumeneku kwa labala wosakaniza m'zaka za m'ma 1940, ndipo A. R. Payne anaonetsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti ukonde wa mwaye umayamba kusweka labala akangosuntha pang'ono. Magetsi amadutsa mu ukonde womwewo. Aliyense woyeza chidutswa chosapsinjidwapo akuyeza chinthu chomwe kasitomala sadzachiona.

Zomwe ndinalangiza

Pa labala, ndinati mwaye uwonjezeredwe, koma pa chifukwa chosiyana ndi chomwe iwo ankaganiza. Cholinga n'choti m'kati mwa labala mukhale modutsa magetsi mosavuta, kutali ndi malire, kuti musamamve kutentha kapena dzanja la wosakaniza, ndipo ntchito yonse yomva kulemera isiyidwe kwa khungu. Kuwonjezera mwaye kumaumitsa labala, ndiye pamafunika kuyamba ndi silikoni wofewerapo. Ndinawachenjezanso kuti asalole wopanga kusintha mtundu wa mwaye kapena mankhwala owotchera popanda kuwauza. Carbon black amalepheretsa mankhwala ena owotchera a mtundu wa peroxide, monga 2,4-dichlorobenzoyl peroxide, kuwotcha silikoni bwino, n'chifukwa chake pa labala wamwaye amagwiritsa ntchito ena monga dicumyl peroxide. Ndipo ngati akuwotcha ndi platinum, sulufule wopezeka mu mwaye wina amapha mankhwalawo. Acetylene black amakondedwa pa ntchito zotere chifukwa alibe zonyansa zambiri zotere.

Pa oda pakhale polembedwa kukhakhala kwa chikombole, ndi nambala yake, komanso kuwotchanso mu uvuni. Gulu lililonse likafika aziyeza resistivity ndi mawaya anayi pa zidutswa zapakati ndi zam'mbali.

Pa kapangidwe ka kamphasa, ndinapempha kuti pakhale kapepala kopyapyala kobowolabowola pakati pa labala ndi siliva, koti matiresi okha asathe kukhudzitsa ziwirizo, koma munthu azitha. Kapepalako kamathandizanso labala kumatuka msanga. Pamafunika kanjira kotulukira mpweya, apo ayi mpweya wotsekeredwa umakhala ngati pilo, ndipo umasinthanso ndi kutentha. Timizere ta siliva ndinati tikutidwe ndi inki ya kaboni. Pabedi la wodwala chinyezi sichisowa, thukuta ndi mkodzo, ndipo siliva akakhala pa chinyezi magetsi a DC (oyenda mbali imodzi, monga a batire) akudutsa amamera tinthambi toyenda kuchoka pa mzere wina kupita pa unzake mpaka kuilumikiza. Pa kamphasa kamodzi kobwezedwa ndinapeza kale kudera kwa mtundu umenewo m'mphepete mwa mizere.

Mbali ya magetsi inali yosavuta kukonza kuposa zonse, ndipo ndi yomwe inathandiza msanga timphasa tomwe tinali kale m'zipatala. Akampani ankagwiritsa ntchito resistor (kachipangizo ka resistance yokhazikika) imodzi yogawana voltage ndi kamphasa, ndi mlingo umodzi wokhazikika wa belu. Kagawidwe kotere kamamva bwino pokhapokha resistance ziwirizo zikayandikana, ndipo resistor yawo anaisankha potengera kudina kwa chala kuja. Tinaisintha. Pulogalamu inasiya kufunsa kuti chiwerengero chili pati n'kuyamba kufunsa kuti chasintha bwanji: imasunga chiwerengero cha mphindi zapitazo, kumachitsatira chikamayenda pang'onopang'ono chifukwa cha kutentha kapena kukhalitsa, n'kuliza belu chikalumpha mwadzidzidzi. Mlingo wokhazikika unatsala ngati wachiwiri, wogwira zomwe woyambayo waphonya. Tinaikanso milingo iwiri yosiyana, wina woti munthu wafika ndi wina woti wachoka, kuti wodwala akamatembenuka belu lisamalire. Magetsi oyezera amayatsidwa kwa kanthawi kochepa kokha pa sekondi iliyonse, zomwe zimasunga batire, zimachepetsa kuyenda kwa siliva, ndiponso labala sadzitenthetsa yekha.

Kuyeza ndi chala kunathetsedwa. M'malo mwake kamphasa kalikonse kamapsinjidwa kaye maulendo angapo kuti kakhazikike, kenako kamaikidwa pansi pa chidutswa cha matiresi enieni, ndi cholemera chopereka ma kilopascal omwe wodwala wopepuka amapereka. Pa gulu lililonse timphasa tingapo timagona ndi cholemera usiku wonse m'chipinda chofunda, ndipo chomwe amayeza m'mawa ndi nthawi yomwe belu latenga kulira.

Pomwe sitinagwirizane

Mwini kampani ataona kuti gulu lachitatu, lopangidwa motsatira malangizowa, likuchita bwino, anabwera ndi maganizo ena. Ankafuna kuti kabokosi ka namwino kazionetsanso kulemera kwa wodwala m'makilogalamu, poti kamphasa kakumva kale kulemera. Ndinakana kuikapo dzina langa. N'zoona kuti mukatenga 1 kugawa ndi resistance, chiwerengerocho chimakwera pafupifupi molingana ndi mphamvu pa gawo lina, ndipo pa tebulo loyezera zimaoneka zokongola. Koma chiwerengero chomwecho chimayenda usiku wonse cholemera chisanasinthe, pokwera ndi potsika sichidutsa njira imodzi, chimadalira zomwe kamphasa kanasenza dzulo, ndiponso gawo lina la kulemera kwa munthu limadutsa m'mbali mwa kamphasa kupita pa bedi. Namwino akaona nambala ya makilogalamu adzaikhulupirira, ndipo mankhwala ena amaperekedwa potengera kulemera. Wofuna sikelo aike masensa a chitsulo oyezera kulemera otchedwa load cell pansi pa miyendo ya bedi. Mwiniyo sanasangalale, ndipo ndikudziwa kuti opikisana naye ena amalemba zinthu zotere pa katundu wawo, koma anazisiya.

Gulu lachiwiri lotsala m'nkhokwe ankafuna kulipulumutsa polikwecha ndi sandipepa, poti ine ndinaonetsa kuti zimatheka. Pa chidutswa chimodzi choyesera zimatheka. Pa mapepala mazana okwechedwa ndi manja a anthu osiyanasiyana, aliyense akanatuluka ndi khungu lake, ndipo fumbi lakuda lotsalira likanalumikiza mizere. Labala ameneyo anabwezedwa kwa wopanga.

Chatsala ndi matiresi a mpweya, omwe amaikira odwala oti angachite zilonda za pabedi. Matiresi amenewa amapopa ndi kuphwetsa timatumba tawo mosinthanasinthana, kawirikawiri pa mphindi pafupifupi khumi zilizonse, ndiye kamphasa kapansi kamaona kulemera kukubwera ndi kuchoka munthu asanasunthe. Pulogalamu yathu yatsopano, yomwe imayang'ana kusintha, ndi yomwe imasokonezeka nazo kwambiri. Pakali pano papepala la malangizo palembedwa kuti kamphasa kasayalidwe pansi pa matiresi otere. Tikuyesa kamphasa kogawidwa m'zigawo zopingasa timatumbato, koti pulogalamu iziphatikiza zigawo zonse, popeza kulemera kukachoka pa thumba lina kumapita pa linzake ndipo zonse pamodzi siziyenera kusintha kwambiri munthu akadali pabedi.